Pepala Lachiwiri

4 Malichi

Amayi ndi Ababa okondedwa,

Landirani moni wanga. Kuno ndili bwino, kupatula kuzizira komwe mpaka lero sindinakuzolowere. Inu muli bwanji kumeneko? Za maso a Ababa adokotala anati chiyani? Pafoni Amayi mumangoti tili bwino, tili bwino, ndiye ndikufuna yankho la papepala. Paja lamulo la m'nyumba mwathu munaika ndinu, kuti foni ndi ya moni, nkhani ndi ya kalata.

Ababa, mwakhala mukundifunsa kuti zaka zitatu zonsezi ndikungoyang'ana chiyani m'timbale ta ku labu. Lero ndili ndi choti ndikuuzeni. Mukudziwa kuti m'kapamba wanu maselo opanga insulini anatha, n'chifukwa chake mumadzibaya jakisoni. Koma m'kapamba momwemo muli maselo ena, a m'timachubu todutsa madzi ogayira chakudya. Ntchito yawo ndi ina, koma malangizo opangira insulini nawonso ali nawo. Selo lililonse m'thupi lili ndi buku limodzi lomwelo la majini, malangizo amene timabadwa nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'selo lina masamba awa ndi otsegula, m'selo lina ndi omatidwa. Mawu sanafufutike, angomatika basi. Inu amene mwatha zaka makumi anayi mukusoka mabuku ndi kumatula masamba onyowa ndi mvula, mundimva msanga kuposa anzanga a kuno.

Ife tikuyesa mankhwala oletsa chimene chimapaka guluu womata masambawo. Lachiwiri lapitali ndinathira shuga m'kambale ka maselo amene analandira mankhwalawo, kenaka ndinayeza madzi ake. Munali insulini, Ababa. Maselo amene sanapangepo insulini chibadwire anadzuka n'kuyamba kupanga. Ndinayeza kachiwiri poganiza kuti ndasokoneza timbale, koma zinatuluka chimodzimodzi. Ndinapita kukalira pamasitepe, mpaka mayi wokolopa anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Pepala ladzaza, ndatenga lachiwiri.

Tsopano mumvetsere bwino. Zimenezi zachitika m'kambale, osati m'thupi la munthu. Insulini yake ndi yochepa kwambiri, singakwanire ngakhale khoswe. Mankhwalawo ndi aukali, ndipo sitikudziwa kuti m'thupi angamatulenso masamba ati omwe sakuyenera kutseguka. Akuluakulu a labu akuti padutsa zaka khumi, mwina makumi awiri, mwinanso sizidzatheka n'komwe. Choncho Ababa, jakisoni wanu musasinthe ngakhale pang'ono. Amayi, muziwayang'ana mapazi tsiku lililonse monga anamwino ananenera.

Ndine mwana wanu,
Chitsiriza


27 Malichi

Chitsiriza mwana wanga,

Kalata yako yafika itayenda masabata awiri, kaya imapumira panjira. Moni wako talandira. Ukudya koma? Pachithunzi chija khosi lakutalika.

Wafunsa za maso. Pafoni sindinkafuna kukuuza. Adokotala anati lamanzere lapita, lamanja akuyesa kulisunga. Kuyambira tsiku limenelo bambo ako anatseka shopu. Anakhala pampando wa pawindo miyezi iwiri, ndevu osameta, wailesi osatsegula. Anthu ankabwera ndi mabuku awo ong'ambika mpaka kunyumba, ine n'kumawabweza pakhomo kuti amisiri sakupeza bwino. Tsiku lina anandiuza kuti chopanira mabuku chija ndipereke kwa otola zitsulo. Chopanira chomwe ine sindinkaloledwa kuikapo ngakhale kapu.

Ndiye kalata yako ndinawawerengera monga ndimachitira, popeza tizilembo takoto iwo sationanso. Nditafika pa masamba omatidwa anati ndibwereze. Ndinabwereza. Nditafika poti maselo anadzuka, anafunsa kuti makiyi a kushopu ndinaika pati.

M'mawa mwake anadzimeta okha, anadzicheka pawiri. Tsopano timapita limodzi. Kusoka akusoka ndi zala, akuti maso ankangowanyengerera kuyambira kale. Ine ntchito yanga ndi kulowetsa ulusi pasingano ndi kuwauza tsamba likazondoka, ndipo ndikawauza amakana kaye. Dzulo amaliza dikishonale ya mphunzitsi wina yomwe ana anaithothola chikuto. Aliyense wolowa m'shopumo amauzidwa za kapamba, afune asafune. Ometa tsitsi a khomo loyandikana aja tsopano akudziwa za majini kuposa mitu ya makasitomala awo.

Akuti ndikufunse kuti guluu wanuyo ndi wa mtundu wanji, wofewa ndi nthunzi kapena wouma gwa. Akuti tsamba lomatika silikokedwa, umalifewetsa n'kudikira, ndiye inu ophunzira musachite phuma n'kung'amba.

Ine ndasangalala, mwana wanga, sindikubisa. M'nyumba muno munali zii ngati mwatuluka maliro, koma tsopano tikukangananso pa nkhani ya mchere. Ulembe msanga, ndipo ulembe zambiri za maselo akowo.

Amayi ako


19 Epulo

Amayi ndi Ababa,

Moni nonse. Kalata ya Amayi ndaiwerenga katatu m'basi mpaka ndinapitirira pomwe ndimatsikira. Za diso zandipweteka, ndipo ndakwiya kuti munandibisira miyezi iwiri. Koma kumva kuti shopu yatseguka kwandichiritsa. Lamanjalo likuona bwanji? Dikishonale ija mwini wake anati chiyani?

Ababa, funso lanu ndinakalifunsa pamsonkhano wa Lolemba. Akulu a labu anavula magalasi n'kunena kuti ndi funso lomwelo limene likuwasowetsa mtendere. Ndawauza kuti lachokera kwa mmisiri, akuti ndikupatseni moni. Guluuyo ndi timadontho tomwe thupi limapachika pa majini, ndipo ndi wofewa, amachoka. Mwezi uno tayesanso ndi maselo ena, nawonso adzuka. Shuga tikachulutsa amapanga yambiri, tikachepetsa amachepetsa, ngati akumva.

Ndapitanso papepala lachiwiri.

Zokhumudwitsa n'zakuti oyamba aja agonanso. Titasiya kuthira mankhwala, pasanathe sabata guluu anabwerera, insulini n'kutha. Tikathira ambiri maselo amafa. Masabata awiri onsewa ndakhala ndikutaya timbale. Ndiye ulendo udakali wautali kwambiri. Amayi, simunanene kuti Ababa anayankha chiyani pa zaka khumi kapena makumi awiri zija. Ndikhulupirira anamva bwino, ndipo ndawagomera kuti atamva anakatsegulabe shopu. Jakisoni apitirize monga mwa masiku onse.

Chitsiriza


12 Meyi

Chitsiriza,

Ndi bambo ako. Ndalemba ndekha ndi cholembera chakuda chachikulu, pamapepala okutira mabuku. Mizere ikakhota usaseke. Uli bwanji? Akulu ako a magalasiwo uwabwezere moni.

Amayi ako andiwerengera makalata ako onse awiri. Ndamva kuti maselo achiwiri nawonso adzuka. Ndine wonyada, mwana wanga. Sindinakuuzepo chifukwa pakamwa panga pamalemera, ndiye ndalemba.

Tsopano ndikuuze chinsinsi. Inenso ndayamba mbali yanga. Buku ukafuna kulimatula umayamba walichotsa m'chopanira. Ndiye ndaganiza kuti maselo angawa sangadzuke ngati wina akuwagwirira ntchito m'mawa ndi madzulo. Iwenso unayamba kuchapa wekha amayi ako atathyoka dzanja. Chobayira changa chimalira ndikamapotokola, ndipo ndimawerenga ndi khutu. M'mawa chinkalira ka 20. Sabata yatha ndinafika pa 16. Sabata ino ndili pa 12. Ndikuchepetsa pang'onopang'ono, sindikukoka.

Ludzu lachuluka ndipo ndikupita kuseri kawirikawiri. Miyendo ikulemera. Ndikuona ngati ndi chizindikiro choti m'katimo ayamba kutembenuka. Ukamabwera ndi mankhwala ako kumapeto kwa chaka udzawapeze ali maso kale, ntchito idzakuchepere.

Amayi ako sakudziwa, ndikufuna kudzawadabwitsa. Kamakina koyezera shuga ndawauza kuti batire latha, chifukwa akaona manambala ayamba phokoso. Kalatayi akaponya ndi ometa tsitsi. Uyankhe, undiuze ngati ndingatsike mpaka pa 8.

Bambo ako


5 Juni

Mwana wanga,

Moni sindikudziwa kuti ndikupatse wotani. Pafoni Lachiwiri unkalira ndi kukalipa nthawi imodzi, ine ndili m'khonde la chipatala anthu akundiyang'ana, ndiye sindinathe kukuyankha. Kalata yawo inakupeza mochedwa, iwo atagonekedwa kale. Lero akhala tsonga ndipo adya. Anamwino akuti choopsa chadutsa.

Anagwa Loweruka masana m'shopu, pamulu wa zidutswa za mapepala. Ndinali nditapita kukagula ulusi. Ndinawapeza akupuma mwamphamvu, mpweya ukununkha ngati zipatso zowola, akundiyang'ana osandidziwa. Ometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka n'kutinyamula pagalimoto yawo. Adokotala anati tikanachedwa maola ochepa bwenzi ndikukulembera zina.

Atatsitsimuka anamwino anawafunsa kuti anachepetseranji jakisoni. Iwo anayankha monyadira kuti mwana wawo akubwera ndi mankhwala kumapeto kwa chaka. Anamwino anatembenukira kwa ine. Ndinangoyang'ana pansi.

Unandifunsa kuti zatheka bwanji pomwe iwe unalemba momveka. Wolakwa ndine. Mapepala ako achiwiri onse awiri ali m'kachitini ka mabatani. Bambo ako sanawamve.

Ukudziwa mmene ndimawerengera makalata m'nyumba muno. Ndimayamba ndawerenga ndekha kukhitchini, kenaka ndimaona kuti munthu ali bwanji. Ija yonena za imfa ya akulu awo inabwera nthawi ya chakudya, ndinawasiya adye kaye. Ija yokukana kusukulu yoyamba ija ndinaisunga mpaka inabwera yokulandira kwina. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndachita choncho ndipo palibe anavulala. Ndiye tsiku lija nditafika pansi pa pepala loyamba ndinakweza maso. Ndinaona mwamuna wanga amene ndinamusowa miyezi iwiri, akufunsa makiyi. Lachiwirilo linali m'dzanja langa. Ndinalipinda n'kuika m'thumba, ndikuti ndiwawerengera mawa. Mawa lake anali akuimba pometa ndevu. Kalata yachiwiri itabwera, manja anangochita okha.

Jakisoni sindinamuganizire n'komwe. Zaka zonsezi amadzibaya okha ndipo sanadumphepo tsiku. Ndinkayang'ana mapazi awo m'mawa uliwonse monga unanenera, osadziwa kuti vuto lili kwina.

Tsopano ndili pakati, mwana wanga. Anamwino awakalipira ndipo bambo ako alonjeza kuti sachepetsanso mpaka iwe utabwera. Wamva? Mpaka utabwera. Akudikirabe kumapeto kwa chaka. Ndikawawerengera zaka makumi awiri zija, ndikuopa kuti abwerera pampando wa pawindo, ndipo ulendo uno sadzadzukapo. Ndikapanda kuwerenga, tsiku lina adzayambanso nzeru zawo. Kachitini ndabwera nako kuchipatala kuno, kali m'chikwama, ndikungokagwira. Undikalipire mmene ungafunire, koma undiuze chochita.

Amayi ako


24 Juni

Amayi ndi Ababa,

Moni. Ndamva kuti mwatuluka m'chipatala, ndathokoza. Manambala a shuga ali bwanji? Kalata iyi ndatumiza pa ya changu. Ndi pepala limodzi lokha, ndalemba mbali zonse ziwiri. Amayi, muwerenge lonse mokweza, ndipo mukamaliza mutsegule kachitini kaja.

Ndiyambe ndi inu, Amayi. Masabata atatu ndakhala ndikukuyankhani mwachidule pafoni chifukwa ndinali ndi mkwiyo. Koma kalata yanu itafika ndinachita manyazi. Ine ndinakulira m'nyumba imeneyo. Ndimadziwa bwinobwino mmene mumawerengera. Ndili kusukulu yogonera konko, zabwino ndinkalemba patsamba loyamba, masamu ndinalephera aja patsamba lomaliza, kuti inu musankhe nthawi. Ulendo unonso ndinachita chimodzimodzi. Malo analipo papepala loyamba ndikanafuna. Ndinkafuna Ababa anyadire kaye. Ndiye mlanduwu tigawane.

Ababa, nazi zoona zake. Kumapeto kwa chaka ndibwera, koma ndibwera ndi sutikesi ya zovala basi. Mankhwala kulibe. Zomwe ndinakuuzani zinachitika m'kambale kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo, ndipo maselo oyambawo anagonanso. Insulini ya m'jakisoni siipondereza maselo anu. Ndi imene ikukusungani, ndipo mukaichepetsa shuga amawononga ndi zotsala zomwe, kuphatikizapo diso lamanja. Mwina padutsa zaka khumi, mwina makumi awiri. Mwina mankhwalawa sadzakupezani. Kulemba zimenezi kwandiwawa, koma ndatopa ndi kukusankhirani zoti mumve.

Pali chinanso chomwe sindinakuuzenipo. Maselo amene ndimagwira sitipanga ku labu. Amachokera kwa anthu amene anasaina akadali moyo kuti akadzamwalira kapamba wawo aperekedwe kwa ofufuza. Mayina sitiuzidwa. Aja anadzuka mu Malichi anali a mayi wa zaka 61 amene anadwala shuga kuyambira ali mtsikana. Ankadziwa kuti iye sadzachira nazo. Ndikamatsegula firiji ndimamupatsa moni mumtima, anzanga sadziwa.

Sindikudziwa ngati mupitirize kupita kushopu mukamva zonsezi. Ndikuopa monga Amayi akuopera. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndikufuna kudzakupezani, chaka chino ndi zaka zinazo. Mundiyankhe, ngakhale mutandikalipira.

Chitsiriza wanu


16 Julayi

Chitsiriza mwana wanga,

Ndi bambo ako, koma dzanja ndi la amayi ako. Tagwirizana kuti isanamatidwe envelopu, ometa tsitsi andiwerengere yonse kuti ndimve ngati sanadumphe kanthu. Amayi ako ati ndi chipongwe, koma avomera. Uli bwanji? Timbale tako tikuti chiyani mwezi uno? Zoipa ndi zabwino, uzilemba mosakaniza.

Kalata yako amayi ako anandiwerengera yonse. Kenaka ndinamva mabatani akukhuthukira patebulo, n'kuwerenganso ena awiri aja. Atamaliza anandifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Sindikunamiza, ndinakhala masiku anayi osatuluka. Ndinawakwiyira amayi ako, ndinakukwiyira iwe, koma kwambiri ndinachita manyazi. Msewu wonse ndinali nditauuza kuti ndikuchira chaka chino. Munthu wamkulu, wa imvi, kutsala pang'ono kudzipha ndi nzeru za m'shopu. Amayi ako ankayenda mwakachetechete ngati mlendo. Tsiku lachitatu ndinawamva akulira kubafa atatsegula mpopi kuti ndisamve. Aiwala kuti maso akamapita makutu amakula.

Ndinaganiza bwino. Akanawerenga zonse tsiku loyamba lija, makiyi sindikanafunsa, zimenezo ndikuvomera. Ndipo amene ankapotokola chobayira ndi kunama za batire si iwo, ndine. Ndawauza choncho. Ati ndibwereze kuti alembe bwino, ndakana.

Koma amene anandidzutsa ndi mayi wa zaka 61 wa m'firiji mwako uja. Masiku anayi onsewo anali m'mutu mwanga. Ndinkadzifunsa kuti pomwe ankasaina ankaganiza chiyani. Munthu wadzibaya zaka zambiri kuposa ine, akudziwa kuti zake zatha, koma akuti tengani, mwina wina. Ine ndinamva kuti mankhwala sandipeza n'kufuna kutaya zida. Ndinaona kuti mayi ameneyo wandiposa. Ndiye Lachisanu ndinapita kushopu. Munali buku la nyimbo la munthu wina lomwe ndinalisiya theka tsiku ndinagwa, ndalimaliza. Kwa makasitomala ndasintha nkhani. Tsopano ndimawauza zaka makumi awiri zija, ndipo ena amaoneka okhumudwa kuposa ine.

Jakisoni ndabwerera pomwe adokotala ananena. Kamakina koyezera amasunga amayi ako, pamodzi ndi mabatire anayi. Diso lamanja adokotala ati silinaipireipire, ndipo mwezi wamawa aliwotcha ndi kuwala kwawo kuja kuti lisatuluke magazi. Sindikuopa kwambiri.

Dzulo kuchipatala ndinafunsa anamwino za pepala losaina lija. Anaseka, ati kuno njira yotumizira kapamba kwa ofufuza kulibe. Ndawauza kuti pofika nthawi yanga idzakhalapo, ayambe kufunsa. Amayi ako pano aima kulemba, akuti zimenezi si zonena. Ndawauza kuti alembe, ometa tsitsi aona.

Ndiye uwauze akulu ako a magalasi kuti kapamba mmodzi alipo kuno, wa mmisiri wa zaka 67, wamakani pang'ono. Ngati mankhwala sandipeza ine, iye adzawapeza. Koma asathamangire kukonza malo m'firiji, ndikumugwiritsabe ntchito. Anamwino ati ndikamamvera akhoza kudikira zaka khumi ndi zisanu kapena kuposa, ndipo ndaganiza zomvera.

Bambo ako